Kutsata mapazi a amayi ku Mangochi: zolemba za masiku asanu ndi limodzi

Lolemba, pa Boma

Kuchokera ku Liwonde, minibasi imatsata msewu wa M3 nyanja ya Malombe ili kudzanja lamanja, mpaka kukutulani pa Boma la Mangochi. Mwezi uno wa Okutobala dzuwa la kuno limawotcha kuyambira m'mamawa, choncho zoyenda pansi ndi bwino kuzimaliza isanakwane 10 koloko. Wakabaza mungomuuza kuti mukupita kumlatho, akutulani pansi pa nsanja ya wotchi.

Nsanjayi ndi ya njerwa zootcha. Inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, amene anamwalira mu 1901. Pambali pake pali mzinga wochotsedwa pa sitima yankhondo ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja. Dzina la sitimayo nalonso ndi la mkazi, mwana wa Lord Salisbury, amene anali nduna yaikulu ya Britain. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya pa 30 Julayi 1946. Ndiye kuti mkazi amene ali ndi chipilala chachitali m'tauni muno sanamwepo madzi a mu Shire ngakhale kamodzi. Sabata ino tikufuna amayi enawo, amene anagwira ntchito m'boma lino kapena amene ntchito yawo inafika kuno, ndipo tizilemba malo amene munthu angapeze zizindikiro zawo.

Woyamba ali m'thumba mwanu. Tulutsani K200. Nkhope ili pamenepo ndi ya Mayi Rose Chibambo, mkazi yekhayo pa ndalama zathu zamapepala zimene zinatuluka mu 2012. Anabadwira ku Mzimba mu 1928. M'zaka za m'ma 1950 anasonkhanitsa amayi m'chipani cha Nyasaland African Congress polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo boma la atsamunda litalengeza za ngozi pa 3 Malichi 1959, anawatsekera m'ndende ali ndi khanda m'manja. Mu Seputembala 1964 Dr Banda anawachotsa paudindo pamodzi ndi nduna zimene zinatsutsana naye, ndipo anakhala ku Zambia zaka 30. Anamwalira mu 2016. Mpungwepungwe wa 1964 umenewo unagwera kwambiri boma lino, monga tionere mawa.

Masana talowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, yomwe kale inali kalabu ya azungu. Ambiri amathamangira ku zipangizo za sitima. Pemphani wokuonetsani kuti muyambire mbali ya chikhalidwe cha Ayao, muone miphika, mikanda ndi ziwiya zapakhomo. Zambiri mwa izo anaumba ndi kuluka ndi amayi, koma dzina la woumba simulipeza.

Lachiwiri, ku Malindi

Mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi, msewu wa ku Malindi umapatukira kumanzere n'kumatsata gombe lakummawa, njira yomweyo yopita kwa Makanjira. Matola amadikira kudzaza, ndiye wofuna kubwerako tsiku lomwelo alawire. Pobwerera musadikire madzulo, galimoto zimachepa dzuwa likapendeka.

Malindi ndi mishoni ya Anglican, yobzalidwa ndi bungwe la amishoni a ku Britain la UMCA. Pali chipatala cha St Martin's ndi sekondale ya atsikana ya St Michael's. Malo awiriwa ndiwo mbiri yeniyeni ya amayi kuno, ngakhale alibe chipilala: chipatala chimayenda ndi anamwino ndi azamba, ndipo sukulu yogonera pompo ndiyo inatheketsa mtsikana wa m'mudzi wakutali kumaliza Fomu 4 osayenda mtunda tsiku ndi tsiku. Kusukulu ya atsikana simulowa mwachisawawa. Yambirani kuofesi ya mphunzitsi wamkulu, nenani chimene mwadzera, ndipo musajambule ana popanda chilolezo.

Kuno ndi kwawo kwa a Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican, amene anatula pansi unduna mu 1964. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 iwo ndi anthu awo analanda Fort Johnston, monga Boma la Mangochi linkatchedwira, nalowera ku Zomba, koma anakakanika pa Liwonde chifukwa pantoni yowolotsera inali kutsidya. Zimenezi zimakambidwa kawirikawiri. Zimene sizikambidwa mokwanira ndi za otsala: amayi a m'midzi ya gombe lino amene anakumana ndi asilikali ofufuza, amene amuna awo anamangidwa kapena kuthawa, n'kulera ana okha m'dera limene boma linkaliyang'ana ndi diso lofiira kwa zaka zambiri.

Mmodzi amene dzina lake linalembedwa ndi Mayi Catherine Chipembere. Banja lawo linakhala ku Tanzania, kenako ku America, komwe a Masauko anamwalira ku Los Angeles mu 1975. Mayiwa analera ana kudziko la eni ali wamasiye. Dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri anabwerera, anthu a ku Mangochi anawasankha kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, anakhalapo wachiwiri kwa nduna, kenako anaika mtima pa ntchito yothandiza amayi ndi ana aang'ono m'boma lomwe lino. Ife timaona kuti kubwerera kumeneko kukanayenera kuphunzitsidwa m'sukulu limodzi ndi nkhani ya pa Liwonde, chifukwa munthu amene anathamangitsidwa ndi mfuti anadzalowa m'Nyumba ya Malamulo ndi mavoti.

Boma lomweli linatulutsanso Mayi Lilian Patel, amene anakhalapo phungu wa kummwera kwa Mangochi komanso nduna yoona za maiko akunja kuyambira 2000 mpaka 2004.

Chenjezo kwa ofuna kufunsa za 1965 m'midzi: achikulire ena mpaka lero salankhula nkhaniyi ndi mlendo pa tsiku loyamba. Musafike ndi foni yojambulira mawu m'manja. Lonjerani, khalani pansi, ndipo mulole agogo ayambe okha.

Lachitatu, ku Namwera

Msewu wa ku Chiponde umakwera phiri mokhotakhota mukangochoka m'chigwa cha Shire. Khalani mbali ya zenera, chifukwa pamwamba mumaona Malombe, Shire ndi nyanja yaikulu nthawi imodzi. Ku Namwera kumazizirirako, ndipo Chiyao ndicho chimamveka kwambiri pamsika. Moni wake ndi "Ali uli?", poyankha "Ndili chenene". Mwamuna mumutchule Che, mayi mumutchule Abiti.

Mawu akuti Abiti ndiwo chipsinjo choyamba kwa wofufuza mbiri ya amayi. Amatanthauza mwana wamkazi wa uje, ndiye dzina lotsatira ndi la bambo ake. Mayi Joyce Banda, amene anakhala mtsogoleri wa dziko kuyambira pa 7 Epulo 2012 mpaka 2014, mwa kaitanidwe kameneka ndi Abiti Mtila. M'mudzi umodzi mutha kupeza a Abiti anayi a bambo mmodzi, ndipo m'kaundula wa mpingo, wa chipatala kapena wa boma mayi yemweyo walembedwa ndi dzina la mwamuna wake. Wolemba mbiri akapanda kusamala, amasandutsa amayi awiri kukhala mmodzi kapena mmodzi kukhala atatu. Mankhwala ake ndi kufunsa mayina onse atatu: la kuubwana, la Abiti, ndi la kubanja, n'kufunsanso kuti ndi a mbumba ya yani.

Chipsinjo chachiwiri ndi kafunsidwe. Mukafunsa kuti mudzi uno ndi wa yani, akupatsani dzina la mfumu, kawirikawiri mwamuna. Koma Ayao, monga Achewa, amatsata mtundu kuchikazi. Mwamuna amapita kuchikamwini, munda ndi malo zimayenda mwa ana aakazi, ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wake wa mfumu. Chimene Achewa amati bele, Ayao amati liwele, ndipo mayi amene bele lonse linachokera kwa iye amatchedwa likolo. Funso lotsegula nkhani ndi lakuti: mudzi uno likolo lake ndani, anachokera kuti, anabereka ana aakazi angati? Pamenepo amayi achikulire, amene anangokhala phee pamene amuna amalankhula, amayamba kuwerenga mibadwo pa zala. Afunseni paokha, pakhonde kapena pamtondo, osati pabwalo la mfumu.

Aphunzitsi a atsikana kuno, sukulu zisanabwere, anali anankungwi a ku nsondo, ndipo mayi wa pakati poyamba ankalangizidwa pa litiwo. Zina mwa zimene zinkaphunzitsidwa kwa ana aang'ono kwambiri zatsutsidwa, ndipo ndi zoyenera kutsutsidwa. Koma aliyense amene wagwirapo ntchito ya uchembere wabwino kapena yobwezera atsikana kusukulu m'dera lino amadziwa kuti uthenga wodutsa mwa anankungwi umafika, wowalambalala umathera pamsonkhano. Kusintha kumene kwagwira ndi kwa mafumu ndi anankungwi kugwirizana kuti zinamwali zizichitika nthawi ya tchuthi, ana asaphonye sukulu.

Malire a Chiponde ali pafupi, ndipo kutsidya kwake ndi Mozambique, kumene Ayao anachokera. Kumeneko kuli dzina la mfumukazi Acivaanjila. Nkhani zapakamwa zimati woyamba wa dzinali anafika ngati kapolo kwa Mataka woyamba wa ku Mwembe, anakhala mkazi wake wodalirika, ndipo anathandiza kuti anthu ogwidwa ukapolo abwezedwe kwawo. Dzinalo likulowedwabe m'boma la Majune mpaka lero.

Ndipo madzulo mukamva sikiri, mapemphero oimba otamanda Mulungu, m'midzi ya Asilamu a Qadiriyya, kumbukirani Mtumwa binti Ali, mayi amene anaphunzira ku Zanzibar n'kubweretsa njira ya Qadiriyya ku Nkhotakota cha mu 1929. Anaphunzitsa amuna ndi akazi omwe, pa nthawi imene mayi wophunzitsa za chipembedzo anali wosowa m'mizikiti ndi m'matchalitchi momwe.

Lachinayi, padoko

Lero tatsata msewu wa M10 wopita ku Monkey Bay, n'kutsikira pa limodzi mwa madoko a m'mbali mwake. Ofuna kuona ntchito afike kusanache, chifukwa usipa umagwidwa usiku. Siginala amakhala m'bwato ndi nyale kuitana nsomba, anzake amazinga ndi chilimira, ndipo mabwato amakocheza m'bandakucha. Mwezi ukawala kwambiri usipa sumvera nyale, ndiye masiku a mwezi wathunthu padoko pamakhala zii. Yang'anani kumwamba musanakonze ulendo.

Panyanja pamapita amuna. Nsomba ikangofika pamchenga, ntchito yambiri imalowa m'manja mwa amayi, ndipo ndi ntchito imeneyi imene imasandutsa nsomba yoola pa maola ochepa kukhala ndiwo yofika ku Limbe, ku Lilongwe ndi kumidzi ya kumtunda. Palibe buku la mbiri limene limatchula amayi awa, koma usipa wa m'mbale za dziko lonse wadutsa m'manja mwawo.

Njira zake ndi zitatu. Yoyamba ndi kuyanika wauwisi. Usipa umatsukidwa n'kumwazidwa pa thandala, lomwe ndi bedi la mitengo lofika m'chiuno, pamwamba pake mphasa ya bango kapena ukonde. Umwazidwe mopyapyala, nsomba isasanjikizane, ndipo uzitembenuzidwa. Dzuwa la mwezi uno tsiku limodzi kapena awiri wauma. Woyanika pamchenga amasunga ndalama ya thandala koma amaluza pamsika, chifukwa wogula amalawa kamodzi, mchenga ukalira m'mano sabweranso.

Yachiwiri ndi kufutsa. Madzi a mchere amawiritsidwa mumphika waukulu kapena m'mgolo wodula pakati, usipa umaikidwa m'dengu n'kuviikidwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, kenako pathandala. Apa ndi pamene pamaoneka katswiri. Madzi akhale akubwadamuka dengu lisanalowe. Mukaviika ambiri nthawi imodzi madzi amazizira, nsomba siipsa mkati, ndipo imadzanunkha pouma. Mukachedwa kuvuula, mitu imaduka, mimba imaphulika, ndipo mumagulitsa zinyenyeswa. Madziwo azisinthidwa, apo ayi usipa umada ndi kuwawa. Wofutsa amakhala wofewa ndipo amagulidwa mtengo wabwino, koma sakhalitsa ngati wouma wauwisi, choncho ndi wa msika wapafupi kapena wa galimoto ya usiku womwewo.

Yachitatu ndi kuwamba, kwa nsomba zazikulu monga chambo, kampango ndi mlamba. Nsomba imatumbulidwa, kutsukidwa, kudontha madzi, n'kuikidwa pa waya pamwamba pa uvuni. Chofunika ndi utsi ndi kutentha kofatsa, osati malawi. Moto wolilima umapsereza khungu mkati muli madzi, ndipo pakatha masiku awiri mphutsi zayamba. Uvuni wa njerwa wokhala ndi mathireyi osanjikiza umadya nkhuni zochepa kuposa moto wapoyera, ndipo nkhani ya nkhuni si yaing'ono mukaona mmene mapiri a m'mbali mwa nyanja ayerera.

Mdani wamkulu ndi dzinja. Usipa umachuluka nthawi yomwe mitambo yaphimba, ndiye mayi amagula ndowa zingapo m'mawa, mvula n'kugwa masiku awiri, mpamba wonse n'kuwolera pathandala. Nyumba zoumitsira za pulasitiki woonekera, zimene zamangidwa m'madoko ena, zimathetsa vutoli: mvula, fumbi ndi ntchentche sizilowa. Zimalephera pamene palibe wosunga ndalama yokonzera, chifukwa pulasitiki amang'ambika ndi mphepo ya mwera, ndiponso pamene mazenera otulutsira chinyezi atsekedwa, nsomba n'kumaphikika m'malo mouma. Ena poopa tizilombo tofumbwitsa amawaza mankhwala a m'munda pa nsomba youma. Zimenezo ndi kudyetsa anthu poizoni, ndipo sizifuna kunyengerera.

Pali chinthu china chimene sitingachibise. Nsomba zikachepa ogula n'kuchuluka, asodzi ena amafuna thupi la mayi kuti amugulitse, ndipo mchitidwewu wafalitsa HIV m'madoko. Mayi wa mpamba wochepa, wogula yekha, ndiye amagwa m'manja mwawo. Kumene amayi amasonkha ndalama ku banki m'khonde n'kugula pamodzi, kapena kukhala ndi bwato ndi ukonde wawowawo n'kulemba amuna ganyu, mphamvu imasintha mbali. Ndi chifukwa chake mpando wa mayi m'komiti ya padoko, ma BVC amene anayambira ku Malombe mu 1993, suyenera kukhala wongodzazira chiwerengero.

Lachisanu, ku Monkey Bay ndi Cape Maclear

Kuchokera pa Boma kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita oposa 60. Musanalowe m'tauni pali mphambano ya ku Cape Maclear, makilomita 18 kudutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Njinga zamoto zimadikira pamphambanopo. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo chakudya musachionetse poyera chifukwa cha anyani.

Ulemu umene malowa ali nawo unachokera pa nsomba, ndipo pa anthu amene anazidziwitsa ku dziko, awiri otchuka ndi amayi. Ethelwynn Trewavas ankagwira ntchito ku British Museum ku London. Mu 1935 anasanja m'magulu nsomba za mtundu wa chambo ndi mbuna za m'nyanja ino, ndipo mu 1939 anadzafika yekha pa kafukufuku wa usodzi pamodzi ndi mayi mnzake Kate Ricardo Bertram. Mitundu iwiri ya chambo, Oreochromis karongae ndi Oreochromis lidole, anaitchula ndi iye mu 1941. Mukakwera bwato kupita kuchilumba cha Thumbi n'kuvala galasi loonera m'madzi, funani mbuna ya mphuno yolendewera imene imapala ndere pamiyala kamwa ili pansi. Imodzi mwa mbuna zoterezi dzina lake ndi Labeotropheus trewavasae, pomulemekeza.

Rosemary Lowe anafika mu 1945 ali ndi zaka 24, nakhala mpaka 1947 kuyeza chambo m'chigawo chino cha kummwera. Ankatsegula nsomba za m'makoka a asodzi, kuyeza utali, kuona mazira, kulemba malo ndi mwezi. Anaonetsa kuti chimene ogula amangoti chambo ndi mitundu ingapo, yoswana nthawi ndi malo osiyana, ndipo mtundu umene anautchula yekha anaupatsa dzina lochokera kwa asodzi a kuno, saka. Atakwatiwa mu 1953 anachotsedwa ntchito ya boma la atsamunda, chifukwa lamulo la nthawiyo silinkalola mkazi wapabanja. Anapitirizabe kafukufuku m'maiko ena mpaka ukalamba, namwalira mu 2014.

Phindu la ntchito yawo lili apa. Chambo chachimuna chimakonza bwalo lozungulira pamchenga, chachikazi chimaikira mazira n'kuwatola m'kamwa, n'kuwasunga momwemo mpaka ataswa, kenako chimakatula ana m'madzi osaya a m'mabango. Khoka lokokera kumtunda limasalaza mabwalowo, ndipo kugwira chachikazi chimodzi chofungatira ndi kupha ana ochuluka nthawi imodzi. Kasawala, ana a chambo, akathera mu ukonde wa udzudzu, chaka chamawa kulibe choswana. Lamulo lotseka nyanja kuyambira pa 1 Novembala ndi la maso a ukonde zinakhazikika pa chidziwitso chimenechi. Kumene sizinatsatidwe zotsatira tikuziona: chambo cha ku Malombe chinagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2018 bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika chambo pa gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu.

Kumapeto kwa mudzi wa Chembe, kulowera ku Otter Point, kuli manda a amishoni a Livingstonia, imene inayambira pano mu 1875 isanasamukire ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo. Pagona Dr William Black ndi Shadrach Ngunana, mlaliki wochokera ku Lovedale ku South Africa. Dzina limene simulipeza pamwala uliwonse ndi la Jane Waterston. Anabadwira ku Inverness mu 1843, anatsogolera sukulu ya atsikana ku Lovedale kuyambira 1867, kenako anabwerera kukaphunzira udokotala ku London pamodzi ndi akazi oyambirira kuloledwa kutero. Anafika pa Cape Maclear mu 1879 ali dokotala wokwana. Amishoni anzake aamuna sanamulandire ngati dokotala mnzawo, ndipo iye sanagwirizane ndi mmene ena ankachitira ndi anthu akuda. Anachoka chaka chisanathe. Ku Cape Town, komwe anakhazikika mpaka imfa yake mu 1932, anayambitsa chithandizo chaulere cha amayi osauka ndi maphunziro a azamba. Timaima pamandapo n'kumaganiza za amayi a m'midzi ya gombe lino amene akanachira m'manja mwake, mishoni ikanadziwa kusunga munthu amene inali naye.

Loweruka, njira ya ku Golomoti

Potuluka tasankha msewu wochoka ku Monkey Bay kulowera kumadzulo, wokakumana ndi M5 pa Golomoti. Mukadutsa malire a Mangochi mwalowa m'boma la Dedza, m'dziko la Inkosi Kachindamoto.

Chigwa chimenechi chili ndi mbiri yakale ya mphamvu za amayi. Pafupi ndi Mtakataka pali Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi. Kalonga sankalowa ufumu chifukwa cha bambo ake. Ankayenera kubadwa mwa Nyangu, mayi wa fuko la Phiri, pamene mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa a Banda, ndipo za mvula zinali m'manja mwa Makewana wa ku Msinja. Mayina atatuwa anali maudindo olowana, osati a munthu mmodzi.

Theresa Kachindamoto anali mlembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27 pamene anaitanidwa kudzalowa ufumu mu 2003. Atapeza ana a zaka 12 ndi 13 ali ndi makanda kumsana, sanayambe ndi misonkhano yodziwitsa anthu. Anasainitsa mafumu ake aang'ono okwana 50 pangano loletsa maukwati a ana, ndipo mfumu yolekerera ankaiimitsa paudindo mpaka ukwatiwo utatha. Anaika amayi ndi abambo m'midzi oti azimutsina khutu mwakachetechete. M'zaka zitatu zokha anathetsa maukwati oposa 850, ndipo ana ena ankawalipirira yekha sukulu. Anamwalira mu Ogasiti 2025.

Malamulo anatsatira pambuyo: la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko, kutseka mpata umene unkalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Ku Mangochi, kumene mnyamata wobwera ku Joni ndi foni, njinga ndi malata amaoneka ngati chipulumutso cha banja, njira ya Inkosiyi ndi yofunika kuiphunzira bwino, makamaka pamene imaterera. Kuthetsa ukwati ndi tsiku limodzi. Mtsikana akabwerera kwa makolo kumene njala yomwe inamukwatitsa ikadalipo, wopanda yunifolomu, wopanda womugwirira khanda, anzake m'kalasi akumuseka kuti ndi mayi, pakatha teremu imodzi amakhala wabwerera kwa mwamuna uja, ulendo uno mobisa. Ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu ilipo kuyambira 1993, koma imagwira ntchito pokhapokha wina atatenga mwanayo kupita naye kwa mphunzitsi wamkulu, dzina lake n'kulowanso m'kaundula, agogo kapena azakhali n'kuvomera kusunga khanda mpaka nthawi yowerukira. Ntchito imeneyi m'sukulu zambiri amaigwira ndi amayi a mother group, gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu, osalipidwa, ndipo amene amaigwira bwino amakaona kaundula wa kalasi sabata iliyonse. Mtsikana akajomba masiku atatu otsatizana, amapita kwawo tsiku lachinayi.

Pa Golomoti minibasi za ku Salima zimaima mbali imodzi ya msewu, za ku Balaka mbali inayo. Wonyamula usipa wofutsa wa padoko la Lachinayi aumasule m'pepala la pulasitiki, auike m'dengu kapena m'katoni kuti uzipuma, apo ayi ufika kunyumba utachita nkhungu.